Ulusi Wobiriwira m'Buku la Asiya

Moni inu nonse amene mwatenga nkhaniyi m'manja, kaya mwakhala pakhonde, kaya mwapanikizana m'minibasi. Ndiyambe ndi kuyamika Ambuye amene atisunga, natipatsa maso owerengera ndi mtima womvera. Iye amadziwa nkhosa iliyonse ndi dzina lake, ngakhale imene abusa a pansi pano sanaione ikutuluka m'khola. Tsono imvani za mwana wina amene anatsala pang'ono kutayika.

Lachinayi lina m'mawa, mvula itangokata, mayi Anjelina, aphunzitsi a Sitandade 8 pasukulu ina ya kufupi ndi Namitambo, anapeza kamtolo patebulo pawo. Kanali kokulunga m'chidutswa cha nsalu ndi komanga ndi chingwe. Atamasula anapeza buku la maluso a moyo, ndipo mkati mwa chikuto munali dzina la Asiya Bakali, limene analemba ndi dzanja lawo lomwe. Malo a Asiya, pafupi ndi zenera, anali opanda munthu kuyambira Lolemba.

Anaitana Thokozile, mnzake wa Asiya woyandikana naye nyumba, natuluka naye panja. Mtsikanayo anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba matope. Anati mtolowo anamupatsa ndi Che Bakali, bambo ake a Asiya, ndipo anamutuma kuti akauze a Madamu kuti mabuku enawo abwera pambuyo. Asiya sukulu wasiya. Mawa Lachisanu, anthu akatuluka kumzikiti, akwera kabaza kupita kwa azakhali ake ku Namadzi, akakhale komweko n'kumathandiza kugulitsa mumsika. Chifukwa chake Thokozile anati sakuchidziwa, koma maso ake ankanena zina.

Mayeso anali pafupi, ndipo mayi Anjelina ankadziwa bwino kuti mtsikana akakwera kabaza wa ku Namadzi ndi chikwama cha zovala, m'kalasi sabwereranso.

Mabuku amenewa anali atsopano. Anabwera ndi bungwe lina kumayambiriro kwa teremu, makatoni odzaza: a jogalafe, a sayansi ndi a maluso a moyo, okwanira mwana aliyense akeake, chinthu chimene sukuluyo inali isanaonepo. Ahedi, a Silvesta, anafuna kuwatsekera m'kabati ya muofesi n'kumatulutsa ochepa pa nthawi ya phunziro, monga mwa masiku onse. Sanali munthu woipa ayi. Anali ataonapo masamba a mabuku a sukulu akukulungira zitumbuwa pamsika. Mayi Anjelina anawachonderera mpaka kuwatopetsa, nawakumbutsa kuti nyale sayiyatsa kuti aivundikire. Pamapeto pake ahedi analola kuti ana azipita nawo kunyumba, koma anaikapo lamulo: buku limodzi likangong'ambika kapena kunyowa, onse abwerera m'kabati.

Ndiye tsiku logawa mayi Anjelina analankhula mwaukali woposa wa masiku onse. Anati aliyense akaike mabuku ake pamalo ouma kuposa ponse m'nyumba, ndipo amene anyowetse asadzaonekenso pamaso pawo. Ana anamva. Asiya, amene anali asanakhalepo ndi buku lakelake, analifungatira pachifuwa ngati khanda. Ndi yemweyo amene mawa lake anabwera atapeza kadontho ka Chiradzulu pamapu, n'kufunsa ngati madzi a kamtsinje ka kwawo amakafikadi kunyanja yamchere. Mwa ana onse a m'kalasimo, ndiye amene mayi Anjelina ankamuona kale atavala yunifolomu ya kusekondale.

Ataweruka sanapite kwawo. Analowa kanjira ka m'minda, chimanga chonyowa chikuwakwapula m'mapewa, mpaka kunyumba kwa Che Bakali. Anapeza mayi Faida, mayi ake a Asiya, akusenda chinangwa pakhonde. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkati munali mabeseni ndi mapoto pansi ponse, otchera madzi odontha kudenga. Pakona panali chikwama chomanga kale.

Atalonjerana, mayi Faida anafotokoza ndi mawu apansipansi, mpeni uli m'manja. Loweruka lapitalo mvula inagwa osalekeza, ndipo denga la udzu linadontha paliponse. M'nyumba monse malo ouma anali amodzi okha, kathabwa ka pamwamba pakhoma pamene bambo amaikapo buku loyera la chipembedzo chawo. Pamenepo pokha ndi pamene anatchingapo ndi pepala lapulasitiki kudenga. Pamwamba pa buku limenelo sipasanjikidwa kanthu, ndipo mwana aliyense wa m'nyumba ya Chisilamu amakula akudziwa zimenezi. Asiya ankadziwa. Anazungulira nawo mabuku ake nyumba yonse, madzi akumudonthera pamutu, kenako anakwera pampando nawasanjika pomwepo, ati achotsa mvula ikangokata. Bambo anafika mvula isanakate. Anasamba mwa mwambo wawo kuti apemphere, natambasula dzanja, n'kupeza mabuku a sukulu ali pamwamba. Powachotsa, limodzi linagwa pansi ndi kutseguka. Linatsegukira patsamba la zithunzi za thupi la mkazi ndi la mwamuna, opanda chovala, mivi ikuloza chiwalo chilichonse.

"Sanamumenye," anatero mayi Faida. "Bola akanamumenya, bwenzi zitatha. Chiyambire tsiku limenelo sanayang'anane naye kumaso. Akalowa pakhomo, mwana amatulukira kuseri."

Mayi Anjelina anayesa kufotokoza kuti phunzirolo ndi lothandiza atsikana kudzisamala. Mayi Faida anati zimenezo sakukana, iwonso anaphunzira zomwezo kwa anankungwi, koma anaphunzirira kutali ndi amuna, ndipo bambo awo anamwalira osadziwa kuti mwana wawo anauzidwa zotani. Amene akanatha kuletsa ulendowu ndi amjomba ake a mwanayo, mwini mbumba, koma ali ku Joni ndipo foni yawo sikugwira. Iwo ngati mkazi mawu awo anatha Lachiwiri.

Potuluka pabwalo, mayi Anjelina anamva wina akuwaitana kuseri kwa nkhokwe. Sanaone nkhope, anangoona mapazi ndi nsonga ya mpango.

"Madamu," anatero Asiya, "sananyowe. Onse atatu ndi ouma."

Mayi Anjelina anayenda njira yonse kolona ali m'manja, osatha ngakhale pemphero limodzi. Mawu aukali aja anali awo. Mwanayo anangomvera.

Lachisanu m'mawa anaphunzitsa sayansi mtima uli kwina, ndipo belu la buleki litalira analowa muofesi kukapempha kuti atuluke. A Silvesta anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano. Anawalola, koma anawatsatira mpaka pakhomo ndi chenjezo: asakalonjeze kuchotsa tsamba lililonse. Kholo limodzi likadula, mawa onse adula, wina za thupi, wina za dziko lozungulira, ndipo iwo adzatolera mabuku onse tsiku lomwelo.

Che Bakali anali telala. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Namitambo, ndipo pachingwe pamwamba pawo pankalendewera mayunifolomu obiriwira a sukulu yomweyo, ena otha, ena opanda manja. Mayi Anjelina atafika, dzuwa linali litakwera ndipo amuna ovala mikanjo yoyera anali atayamba kale kudutsa kulowera kumzikiti. Patsogolo pa khondelo panaima njinga yamoto, mwini wake, Rafaeli wa kabaza, atakhala chammbali akudya chimanga chootcha.

"A Madamu, lero mwathawa sukulu?" anatero Rafaeli. "Ife tikathawa munkatitumizira anyamata akuluakulu kudzatinyamula."

"Ndipo ukadali wothawathawa mpaka lero, Rafaeli. Kwaya sunaoneke mwezi wathunthu."

Rafaeli anaseka, nati lero yekha sangathawe, atelala amupangira kale ulendo wopita kumsewu waukulu, ku Namadzi. Ananena osadziwa kuti akubaya pabala. Kenako anaona buku m'manja mwa aphunzitsiwo, anayang'ana atelala, nasiya kutafuna.

Che Bakali anayankha moni mwaulemu, nawakankhira mpando ndi phazi, koma makina sanaimitse. Anali munthu wowonda, wa ndevu zoyamba kuyera, tepi yoyezera ili m'khosi. Mayi Anjelina anakhala, naika buku pamiyendo chikuto chili pansi. Anayamba ndi kupepesa. Anati za kathabwa kaja mlandu ndi wawo, chifukwa ndiwo anaopseza ana, ndipo mwana anaopa aphunzitsi mpaka kuiwala za kwawo.

Makina anaima. Che Bakali anati za kathabwa zinatha. Denga ndi lawo, ndiwo sanalifolere bwino, ndipo Mulungu amaona mtima wa mwana. Anapempha kale chikhululuko pa zimenezo. Kenako anapitiriza, akuyang'ana singano.

"Koma chinacho, a Madamu. Ine ndine bambo. Ndinaona zimene bambo sayenera kuona m'manja mwa mwana wake wamkazi, ndipo iye akudziwa kuti ndinaona. Buku limeneli lizigona m'nyumba mwanga, alongo ake ang'onoang'ono azilitsegula? Kusukulu azilitsegula atakhala benchi limodzi ndi anyamata, madzulo n'kudzandipatsa madzi osamba m'manja? Inu kwanu zimatheka?"

Mayi Anjelina anali atakonza mawu ambiri m'njira. Anafuna kunena za atsikana amene anachoka m'kalasi mwawo ndi mimba chifukwa chosadziwa, ndi za mafunso a mayeso amene sasankha tsamba. Koma pakhondepo panali amuna, Rafaeli ndi mwini sitolo ndi mkulu wina amene anaima ngati akudikira buluku lake, ndipo mkazi sangatambasule nkhani zoterezo pamaso pa amuna popanda kuwonjezera manyazi amene anabwera kudzachotsa. Anangoti kwawonso sizitheka, ndipo bambo awo, amene anali katekisiti, akanachita manyazi omwewo. Kenako anapempha chinthu chimodzi, kuti mwana asapite ku Namadzi.

Che Bakali anatambasula dzanja, ndipo mayi Anjelina anawapatsa buku. Sanalitsegule pamaso pa anthu. Analowetsa chala m'mbali, napeza malowo mosavuta, nagwira masamba ochepawo pakati pa zala. Dzanja linalo linatenga sizasi yaikulu yodulira nsalu.

"Ndichotse awa okha. Enawo awerenge, mapu ake ndi nyenyezi zake, ine sindiletsa. Mukavomera, Rafaeli apite kwawo. Mukakana, tengani buku lanu, ine ndisunge mwana wanga."

Sizasi inatseguka, nilowa m'munsi mwa masambawo. Mayi Anjelina akati inde, Asiya atsala, koma pofika madzulo Namitambo yense amva, ahedi atolera mabuku, ndipo Asiya yemweyo ndi anzake onse abwerera kokopera pabolodi, ana onse akumuloza kuti ndiye anawalanditsa. Mwana wamanyazi ngati ameneyo sakanapirira, akanachoka yekha. Akati ayi, chikwama chili chomanga kale. Kumzikiti munthu anali atayamba kuyesa chimkuzamawu.

Sanathe kuyang'ana sizasiyo. Anakweza maso, m'mtima akungoti Ambuye, Ambuye, opanda mawu ena. Pamwamba pa mutu wawo panalendewera diresi la yunifolomu lotembenuza, kunsi kwake kukuonekera. Mpendero wake unali waukulu ngati chikhatho, wopindira mkati, wogwiritsa ndi ulusi wotalikiranatalikirana. Mayi Anjelina ankaudziwa mpendero umenewo. Ana awo onse anakulira m'mayunifolomu a Che Bakali, ndipo chaka ndi chaka iwo ankakhala pakhonde ndi kalezala kumasula ulusiwo kuti diresi litalike.

"Che Bakali," anatero mayi Anjelina, "mayi akabwera ndi mwana wamfupi, nsalu n'kutalika, mumadula?"

Atelalawo anawayang'ana koyamba kumaso. Anati sadula, nsalu ndi yodula mtengo ndipo mwana amakula. Amapindira mkati.

"Ndipo amadzamasula ndani?"

"Mayi ake."

"Sokani masambawo. Musadule. Asokeni ndi dzanja lanu, buku lizilowa m'nyumba mwanu lili lotseka pamenepo. Odzamasula akhale mayi ake a Asiya. Tsiku la phunziro limenelo ndidzaitana amayi, tidzatseka chitseko, atsikana okhaokha, anyamata adzapita ndi aphunzitsi aamuna. Tikatha ndidzabwera nalo pano mudzasokenso."

Sizasi inali pomwepo, yotsegula. Mkulu wodikira buluku uja anatsokomola nayang'ana kumsewu. Mayi Anjelina anaona kuti alonjeza zimene ahedi sanawatume, ndipo sankadziwa ngati a Silvesta adzati buku lobooledwa ndi singano ndi lamoyo kapena lowonongeka. Koma mawu anali atatuluka.

Atelala anafunsa ngati amayiwo adzaloledwa kulankhulapo kapena adzangokhala kumbuyo ngati alendo. Mayi Anjelina anati adzalankhula, ndipo pena iwo ndiwo adzakhala pansi kumvetsera. Anafunsanso ngati pa tsikulo padzapezeke mwamuna aliyense pafupi, ngakhale ahedi. Anati ngakhale ahedi adzakhala kuofesi kwawo.

Pang'onopang'ono sizasi inatuluka m'bukumo, nigona patebulo. Che Bakali anasolola singano pa kolala ya malaya awo, nadula ulusi wobiriwira wa mayunifolomu ndi mano. Anachita kuyesa kangapo kuti ulowe pabowo. Kenako anagwira masamba aja pamodzi, nayamba kusoka m'mphepete mwenimweni, moyera mopanda zilembo, kuchokera pamwamba kutsika mpaka pansi. Nthawi yonseyo nkhope anaipotolera kumbali. Malemba amatiphunzitsa kuti chilichonse pansi pano chili ndi nyengo yake, ngakhale kung'amba ndi kusoka, ndipo mayi Anjelina, amene anamva mawu amenewo kuyambira ali mwana, tsiku limenelo anawaona ndi maso.

Mawu oitanira anthu kumapemphero anamveka kumzikiti. Che Bakali anamanga mfundo, nadula ulusi, navundikira makina ndi nsalu. Anavala chipewa chawo choyera. Za Namadzi anali asananene kanthu, ndipo Rafaeli anali ataimirira kale, kiyi ali m'manja. Mayi Anjelina anaimiriranso, osadziwa ngati apambana kapena angosoketsa buku la mwana amene akupita.

Atelala anawapatsa bukulo ndi manja awiri.

"Mukapatse mayi ake, osati iyeyo. Mayi ake ndiwo akamupatse." Kenako anatembenukira kwa wa kabaza. "Iwe Rafaeli, lowa m'sitolomu akupatse pepala lofolera denga, lalikulu lija. Ukasiye kunyumba. Ukawauze amasule chikwama."

"Ndiye mwandichotsera pasenjala n'kundipatsa pulasitiki, Che Bakali? Ameneyu sacheza m'njira."

"Sagwanso," anatero atelala, natsika pakhonde kulondola anzawo.

Mayi Anjelina anakhalanso pampando uja. Anakhala pomwepo mpaka njinga yamoto italowa m'kanjira ka m'minda, pepala lakuda likukupiza kumbuyo.

Lolemba Asiya anali pamalo pake pafupi ndi zenera, maso ali pansi, ndipo tsiku lonse sanakweze dzanja. A Silvesta anaitanitsa bukulo kuofesi. Analitembenuza uku ndi uku, nayendetsa chala pa ulusi wobiriwirawo, nayesa kusuzumira pakati pa masamba osokedwawo. Anadandaula kuti zinthu zoterezi munthu amayamba wafunsa, ndipo mayi Anjelina anavomera kuti n'zoona. Pamapeto pake ahedi anati buku silinang'ambike ndipo silinanyowe, tsono lamulo lawo silikunenapo kanthu. Kabati inakhala yotseka, mabuku ali kunja.

Sabata yomweyo makolo ena, a kumzikiti ndi a kumishoni omwe, anapita ndi mabuku a ana awo pakhonde la Che Bakali. Ena sanapite, anati kwawo zilibe kanthu. Tsiku la phunziro lija litafika, amayi anabwera ndi malezala m'mipango, chitseko chinatsekedwa, ndipo zimene zinanenedwa m'menemo si za ine kuzilemba pano. Bambo ndi mwana anatenga nthawi kuti ayambenso kuyang'anana. Thokozile anadzanena kuti zinayambira pa buku la jogalafe, tsiku lina Che Bakali atafunsa, ali chipenyere kumbali, kuti Joni kumene kuli amjomba ndi pati pamapupo.

Ambuye amene amasiya khola lonse kukafuna imodzi, akusungeni inu owerenga pamodzi ndi ana a m'nyumba mwanu. Denga lanu lisadonthe pa zimene mumazilemekeza, ndipo pa tsiku limene mkwiyo udzakugwiritsani sizasi, akuikireni singano pafupi. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.